Mbendera Imene Sinatsike

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mwa mkulu uja, ngakhale tinagwira ntchito m'nyumba imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pa mbendera zonse zimene ankasunga, imene ankaisita mosamala koposa inali ya dziko limene mwana wawo anasowera. Ndinaziona ndi maso angawa kangapo konse, koma sindinawafunse. Kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti munthu wamkulu safunsidwa zamumtima, ndipo ine phunziro limenelo ndinaligwira mopyola muyeso.

Tinkagwira ntchito ku unduna woona za ubale ndi mayiko akunja. Ine ndinali mlembi wa makalata, pansanjika yachiwiri. Iwo anali wosunga mbendera, ndipo aliyense ankawatchula kuti Bambo a Mbendera. Chipinda chawo chinali kunsi kwa masitepe, chopanda zenera, chonunkha mankhwala a njenjete ndi nsalu yotentha. Munali mashelefu anayi, tebulo loyalidwa bulangete lakale, ndi simbi yamagetsi imene chingwe chake anachikulunga ndi nsanza. Kazembe akamabwera, iwo ankatulutsa mbendera ya dziko lake, kuisita, n'kuikweza pamlongoti wa pabwalo pambali pa yathu. Mayina a mayiko ankawapinda lilime, choncho anawapatsa awoawo potengera zojambulidwa pansalu: dziko la dzuwa, dziko la mizere itatu, dziko la mbalame.

Dziko lathu ndi laling'ono. Pamapu a mu ofesi ya bwana wamkulu, chala chimodzi chimalibisa lonse. Kachitidwe kathu pa nkhondo za kutali kanali kodziwika: sitilowerera mbali. Nkhondo ikabuka kutsidya kwa nyanja, ine ndinkatulutsa kalata yakale m'fayilo, kusintha mayina ndi tsiku, n'kuitayipanso. Boma lathu lamva chisoni, boma lathu likupempha mbali zonse kuti zitule zida pansi ndi kukambirana. Pamsonkhano wa mayiko ikafika nthawi yovota, kazembe wathu nthawi zambiri ankangopinda manja. Sindikunyoza ayi. Dziko limene mankhwala ake amachokera kuno, feteleza uko, maphunziro a ana ake kwinanso, silingamaloze chala aliyense. Koma kuti ena asamatione ngati ongolandira, tinkapereka chimene tinali nacho: asilikali okasungitsa mtendere kumene anthu akuphana.

Bambo a Mbendera anali ndi kachitidwe kawonso. Akamva pawailesi kuti mayiko awiri ayambana, ankalekanitsa mbendera zawo pashelefu, n'kuika yathu pakati. Mayi wophika tiyi ankawaseka nazo.

"Madala, lero mwaleretsa angati?"

"Awiri, mayi. Koma uyu wa dzuwayu mkwiyo sunathe, ndamutsitsira shelefu yam'munsi kuti aganize bwino."

"Bwanji osakupatsani unduna inuyo? Nkhondo zonse zikanatha pofika tiyi wa teni."

"Undunawo ndilandira mukayamba kuthira shuga wooneka ndi maso."

Akazi awo anamwalira kale ine ndisanawadziwe. Anali ndi mwana mmodzi yekha, msilikali, amene chithunzi chake chinali pakhoma pamwamba pa tebulo lositira. Chaka china mwanayo anatumizidwa ndi gulu lake ku dziko la mbalame, kumene kunali nkhondo yapachiweniweni. Patapita miyezi isanu ndi itatu, magalimoto awo anawomberedwa pamsewu wina wakumeneko. Mitembo isanu inabwera pandege. Asilikali atatu sanapezeke, ndipo mmodzi mwa iwo anali mwana wawoyo.

Kalata yodziwitsa mabanja ndinaitayipa ine, ndipo yawo ndinatsika nayo ndekha. Anazimitsa simbi, n'kuvala magalasi, n'kuiwerenga kawiri milomo ikuyenda.

"Apa mwalemba kuti wasowa."

"Inde, bambo."

"Ndiye kuti sanafe."

"Kalatayo ikungonena kuti sanapezeke."

"Chosowa chimapezeka, alembi. Inu simunasowetsepo makiyi?"

Anaipinda kalatayo mwaudongo monga ankapindira mbendera, n'kuiika m'thumba la malaya.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse ankakwera masitepe n'kudzaima pakhomo pa ofesi yanga, chipewa chili m'manja. Limenelo linali tsiku limene thumba la makalata a akazembe athu linkafika. Sankalowa, ngakhale ndiwalozere mpando.

"Alembi, thumba labwera?"

"Labwera, bambo."

"Mulibe kanthu?"

"Mulibe."

"Chabwino. Sabata yamawa."

Anachita zimenezi zaka zitatu. Chaka chachiwiri mpongozi wawo, mkazi wa msilikali uja, anatenga mwana wake n'kubwerera kwa makolo ake. Iwo sanamuletse, anamunyamulira sutikesi mpaka pokwerera basi. Anatsala okha m'nyumba ya chipinda chimodzi, kuseri kwa msika. Nthawi ya nkhomaliro ankadyera m'chipinda chawo cha mbendera, chitseko chili chotseka, wailesi ikulankhula motsitsa. Anthu anayamba kudutsa pamasitepe aja mwachangu. Sankawada, koma ankasowa chonena. Ngakhale mayi wa tiyi anasiya nthabwala zake, ankangosiya kapu pakhomo n'kugogoda. Inenso ndinali yemweyo. Ndinkadya ndekha pamwamba, iwo okha pansi, ndipo sindinaganizepo zotsika ndi chakudya changa.

M'zaka zimenezo ubale wathu ndi dziko la mbalame unali wozizira, ndipo palibe kazembe wakumeneko amene anaponda pabwalo pathu. Mbendera yawo inalibe ntchito. Komabe Lachisanu lililonse iwo ankaitulutsa, kuiwaza madzi ndi zala, kuisita mbali zonse ziwiri, n'kuibwezera. Mayi wa tiyi anandiuza maganizo ake tsiku lina tili m'khonde. "Akuganiza kuti mwanayo ali moyo, akudya za anthu akumeneko. Ndiye akuwapatsa ulemu kuti amusunge bwino." Mwina anali kunena zoona. Sindikudziwa.

Kenaka nkhondo ija inatha. Boma latsopano lakumeneko linafuna mgwirizano: litumize madokotala kuno, litengenso ana athu makumi awiri chaka chilichonse kukaphunzira zomangamanga. Zinali zabwino, ndipo zipatala zathu zinkawafunadi madokotalawo. Bwana wamkulu anandiitana n'kundiuza kuti fayilo ya asilikali atatu aja iyenera kutsekedwa tsiku losainirana lisanafike. Alendo sankafuna kuti patebulo pakhale funso limene alibe yankho lake, ndipo ife tinalibe mphamvu yowakakamiza. Choncho m'mawa wa tsikulo padzakhala mwambo wachidule, mbendera yathu idzatsitsidwa mpaka pakati polemekeza asilikali onse amene anafera kumeneko, nduna idzalankhula, kenaka kusaina.

Mawu a ndunawo ndinalemba ine. Mayina atatu aja ndinawachotsa patsamba la osowa n'kuwaika pansi pa asanu amene tinaika m'manda. Sizinanditengere ngakhale theka la ola. Bwana atawerenga anandigwira paphewa.

"Achimwene, dzanja lanuli ndi lodala. Anthu adzalira pamenepa."

Ine kuyamikiridwa ndimakuopa kuyambira kale, chifukwa kawirikawiri kumabwera munthu akachita chimene ena safuna kuchikhudza. Ndinatuluka mu ofesi muja nthawi yomweyo.

Ndinatsika kukawauza Bambo a Mbendera ndisanataye mtima. Ndinawapeza akusoka mpendero wa mbendera ina.

"Mwamupeza?" anafunsa nditangoyamba kufotokoza.

"Ayi, bambo."

"Nanga wafa bwanji?"

"Lamulo limalola kuti pakatha zaka zitatu..."

"Ndiye wafera pamakina anu aja."

Sananene mokwiya. Analuma ulusi n'kubaya singano pabulangete.

"Alendowo akabwera, muwafunse chinthu chimodzi chokha. Msewuwo dzina lake n'chiyani, ndipo pafupi pake pali mudzi wanji. Basi. Sindikuwaimba mlandu."

"Sizili papulogalamu, bambo."

"Pulogalamuyo analemba ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Anailemba ndine. Ndinakayesadi kwa bwana madzulo omwewo, koma anandiyankha kuti madokotala makumi atatu sangabwerere chifukwa cha dzina la msewu. Sindinalimbikire.

Tsikulo linafika. Pabwalo anayala mipando yoyera pansi pa tenti. Kunali nduna, kazembe wa dziko la mbalame ndi anthu ake, asilikali khumi ndi awiri, woimba lipenga, ndi mabanja a omwalira atakhala kumbuyo. Bambo a Mbendera anavala yunifolomu yawo yoyera ndi chipewa. Anayamba kukweza mbendera ya alendo. Inatambasuka yopanda khwinya ngakhale limodzi, moti kazembe uja anagwedeza mutu mokondwa.

Pali dongosolo lotsitsira mbendera ya maliro, limene iwo anandiphunzitsa kalekale. Siimikidwa pakati ikamakwera. Imayamba yafika pamwamba penipeni, n'kuima kamphindi, ndiye n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pakati.

Lipenga linalira. Iwo anakoka chingwe, dzanja ili kenaka ili, mpaka mbendera yathu inagunda pansonga. Tonse tinadikira kamphindi kaja. Kanapitirira. Ndinawaona akukulunga chingwe pachitsulo cha pamlongoti, kupita uku ndi uku, n'kumanga mfundo, n'kumanganso ina pamwamba pake, n'kukoka ndi thupi lonse.

"Madala, tsitsani!" bwana ananong'ona, koma aliyense anamva.

Iwo anavula chipewa, anawerama pang'ono kwa kazembe uja, n'kuyenda kulowa m'nyumba.

Msilikali mmodzi anayesa kumasula mfundoyo, kenaka wachiwiri. Zala zawo zinkangoterereka. Wina anatulutsa mpeni, koma mkulu wawo anamugwira dzanja, chifukwa chingwe chikanadulidwa mbendera ikanagwa pansi alendo akuona, ndipo zimenezo zikanaposa manyazi amene analipo kale. Choncho nduna inawerenga mawu anga aja mbendera ili pamwamba, ikuuluka ngati tsiku lina lililonse. Mayina onse anatchulidwa. Anthu ena analiradi. Mgwirizano unasainidwa, ndipo madokotala aja anabwera chaka chomwecho. Ndikunena izi kuti ndisabise mbali ina ya nkhaniyi.

Ine sindinadikire kusaina. Ndinatsikira kunsi kwa masitepe, n'kuwapeza atavula kale yunifolomu, ataipachika pamsomali. Chithunzi cha mwana wawo anali atachichotsa pakhoma. Pambali pa chitseko panali chikwama chaching'ono chimene ayenera kuti anabwera nacho m'mawa. Anaika makiyi patebulo, kenaka anatenga kambendera kakang'ono ka dziko la mbalame, ka mtundu umene timaimika patebulo la misonkhano, n'kukakulunga m'mpango.

"Aka ndabwereka, alembi. Mulembe kuti ndabwereka, asamati ndaba."

"Mukupita nako kuti, bambo?"

"Dzina la dzikolo limandikanika. Ndikamafunsa njira ndizingoonetsa aka."

"Ndi kutali kwambiri. Pali nyanja pakati, ndipo mulibe ngakhale pasipoti."

"Ndamva." Anayang'ana mashelefu aja kamodzi. "Simbiyi muziizula mukatha, imatentha yokha. Awiri a pamwambawo akadali pankhondo, musawaphatikize."

Ndinawaperekeza mpaka pachipata chaching'ono chakuseri. Ndinkafuna kunena kanthu, kupepesa mwina, koma mawu amene ndimawapeza mosavuta papepala anandithawa. Ndinangowagwira dzanja ndi manja awiri. Mlonda wa pachipatapo, amene sanaone zapabwalo, anawafunsa moseka.

"Madala, mwaweruka kale? Alendo anu mwawasiyira yani?"

"Alipo owasamala, mwanawe."

Pambuyo pake tinafufuza. Mwini nyumba yawo anati mphasa ndi miphika anagawira anansi dzulo lake. Mpongozi wawo sanawaone. Pokwerera mabasi wina anati anaona mkulu wotere akukwera yakumpoto, wina anati ayi, inali yakum'mawa. Ine ndinalembera akazembe athu onse mwakachetechete, bwana osadziwa, ndipo Lolemba lililonse ndimatsegula thumba lija ndisanachite china chilichonse.

Chomaliza chimene ndinaona ndi chapachipata chija. Anawoloka msewu pakati pa njinga ndi maminibasi, chikwama chili paphewa, mpango uja atapanira m'khwapa. Pamphambano anaima, n'kuyang'ana kumanja, kenaka kumanzere. Lole yonyamula matabwa inadutsa pakati pa ine ndi iwo, ndipo itapita sanalinso pamalo paja.