Dzinja Limene Achemwali Anadulidwa

Buku la nyimbo la achemwali anga linali lokutidwa ndi pepala la thumba la shuga, ndipo m'makona mwa masamba ake munali zidindo zakuda za zala. Kunali kuda kwa utomoni wa fodya, uja sumva sopo. Ankapita nalo kumunda, n'kulisomeka padenga la chigafa choumitsira fodya, ndipo tikakhala pansi kusoka fodya ankalitsegula ndi chala chimodzi kuti aone mzere umene waatayika. Mpaka lero fungo la fodya wamuwisi limandibweretsera mawu awo m'makutu.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iwo khumi ndi zisanu ndi zitatu. Tinkakhala atatu ndi amayi kwathu kwa Njombwa. Bambo anamwalira ndisanaidziwe nkhope yawo, choncho nkhani zonse za pakhomo pathu zinkathera kwa amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwo ndiwo anali mwinimbumba, komanso anali mkulu wa mpingo. Abusa ankakhala kutali, ankangobwera panjinga yamoto kamodzi pa miyezi itatu kudzapereka mgonero. Masabata ena onse tchalitchi chathu chinali m'manja mwa amalume ndi akulu anzawo anayi.

Pakhomo pathu masiku tinkawerenga potengera tchalitchi. Lachinayi amayi ankasita bulauzi yoyera ndi duku loyera, n'kupita kumsonkhano wa amayi. Lachitatu ndi Loweruka achemwali ankapita kukwaya. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo maliro akagwa, ngakhale kutsidya kwa dambo, anthu ankatuma uthenga kuti mtsikana wa mawu uja asalephere. Sindidziwa kuti anaperekeza anthu angati kumanda ndi mawu awo. Ndimangokumbukira kuti ankabwerako mawu atasasa, n'kumwa madzi otentha a mandimu.

Chaka chimenecho, nthawi yothirira nazale kudambo, ndinayamba kuwaona achemwali akutula ndowa n'kuthamangira kuseri kwa chulu. Tsiku lina ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza akusanza. Nditauza amayi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Za m'nyumba muno zisatuluke." Kukwaya achemwali anayamba kujomba.

Aphunzitsi athu a Sande sukulu anali munthu wamtali, wofatsa, wa jekete la zigamba m'zigongono. Ankatilembera mavesi pa timapepala tong'amba m'kope, ndipo ine ndinkawakonda kwambiri. Lamlungu lina titaweruka anandiitana pambali n'kundifunsa chifukwa chimene achemwali sankaonekera kukwaya. Ndikanatha kunena kuti akudwala, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma m'mawa womwewo anali atatiphunzitsa kuti mwana wa Mulungu sabisa kanthu, ndipo ndinkafuna aone kuti ndinamva. Ndinati, "Akumasanza m'mawa, ndiye amayi anati tisauze munthu." Anandisisita pamutu, n'kunena kuti, "Pita kunyumba, mwana wanga." Ndinapita ndikudumphadumpha, osadziwa kuti nkhaniyo akaitula kwa akulu a mpingo.

Lero ndikudziwa kuti mimba sibisika. Pakanangopita mwezi umodzi, aliyense akanadzionera yekha. Koma kudziwa kwa munthu wamkulu sikufika kumene kunalasidwa mwana.

Lamlungu loyandikira Khirisimasi, ulaliki utatha, amalume anaimirira kutsogolo ali ndi kapepala. Anatchula dzina lonse la achemwali, ngati la munthu amene sakumudziwa, n'kulengeza kuti adulidwa mumpingo chifukwa cha lamulo lachisanu ndi chiwiri. Mnyamata wake ankaimba m'kwaya yomweyo, koma anali atathawira kumaesiteti akutali. Dzina lake silinawerengedwe, ati chifukwa panalibe woti ayankhe mlandu. Achemwali ananyamuka pampando wa kwaya, anadutsa pakati pa tchalitchi chonse mutu uli pansi, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Kumeneko kunkakhala abambo awiri amene anadulidwa chifukwa cha mowa, ndi mayi wina amene analowa mitala. Amayi sanacheuke. Ndinangoona khosi lawo likutuluka thukuta.

Anthu ambiri akadulidwa ankangosiyiratu kupemphera, koma achemwali sanajombe ngakhale Lamlungu limodzi. Loweruka lililonse ankapita kukalasi ya ofuna kubwerera, mvula ikugwa kapena ayi, miyendo itatupa. M'tchalitchi sankatulutsa mawu, ankangogwedeza milomo. Kwaya inkayamba nyimbo mokayikakayika, ndipo atsikana ena ankaba kucheukira kumbuyo, ngati akudikira kuti awapatse poyambira.

Kumunda kokha ndiko ankaimba. Miyezi imeneyo fodya sadikira munthu. Tinkathyola m'mawa mame asanaume, zovala zonse n'kunyowa, m'kamwa n'kumawawa ngati watafuna tsamba. Masana tinkakhala m'chigafa, amayi uku, achemwali uku, ine pakati, kuboola masamba ndi singano yaitali n'kumapachika. Ufa unali utachepa, masiku ena tinkagonera maungu. Komabe ndikamakumbukira dzinja limenelo, masana a m'chigafa aja ndi amene ndimafuna atabwerera. Achemwali ankatambasula miyendo, mimba ili patsogolo, n'kumandiphunzitsa kuimba mawu apansi pamene iwo akukwera. Ndikaphonya ankandimenya ndi tsamba pamutu. Nthawi zina ankasiya kusoka, n'kugwira pamimba, n'kunena kuti, "Akangobadwa uyu ndibwerera. Udzaona." Amalume anali atawalonjeza kuti abusa akabwera pa Pasaka, dzina lawo lidzakhala loyamba kubwezeredwa.

Achemwali sanandifunsepo kuti aphunzitsi anamva kwa yani. Inenso sindinanene.

Matenda a uchembere anawayamba achemwali m'mawa wina kumayambiriro kwa Malichi, masiku asanakwane, mvula itagwa masiku atatu osakata. Amalume anamanga ng'ombe pangolo, amayi anayala mphasa ndi bulangete, ndipo ananyamuka kupita kuchipatala. Ine anandisiya kwa oyandikana nawo nyumba. Zimene zinachitika panjira ndinazimva pambuyo pake. Anapeza mtsinje utadzaza, mlatho wamitengo utamira. Anadikira pagombe kuti madzi aphwere, ndipo mwana anabadwira pomwepo, pangolo. Mwanayo analira bwinobwino. Koma magazi a achemwali sanaleke, ndipo pofika nthawi imene madzi analola kuwoloka, kunalibenso chowolokera.

Chimene ndinaona ndi maso anga ndi ngolo ikubwera dzuwa litapendeka. Ng'ombe zinkayenda pang'onopang'ono, palibe amene ankazikwapula. Amayi sanakwere. Ankayenda pambuyo, matope mpaka m'mawondo, atafungatira kanthu m'chitenje.

M'mawa mwake anthu anadzaza pakhomo, ndipo poti mvula inkawazabe, amuna anakhala m'chigafa mwathu, fodya wathu ali lende pamitu pawo. Akulu a mpingo anakhala paokha kumapeto. Amayi anatuluka m'nyumba ya siwa, anadutsa pakati pa amuna onse aja, n'kugwada pamaso pa amalume. Ndinali nditagwira chitenje chawo, choncho ndinamva zonse.

"Achimwene, anangotsala milungu inayi yokha. Kalasi sanajombe. Inu nomwe mukudziwa."

Amalume sanawayang'ane. Maso awo anali ofiira, ndipo buluku lawo linali lidakali ndi matope a dzulo lake. Anati, "Mlongo wanga, chaka chatha tinamukaniza mwambo wa mpingo pamaliro mwana wa eni ake kutsidyaku. Amake anagwada chimodzimodzi. Lero ndikalola chifukwa ndi wa m'nyumba mwanga, ndidzaima bwanji pamaso pa anthu?"

"Ndapempha nyimbo imodzi yokha," anatero amayi.

Amalume anapukusa mutu. Kenaka anaimirira n'kulengeza kwa onse kuti mwambo wa mpingo sukhalapo. Padzakhala pemphero limodzi kumanda, koma popanda ulaliki, popanda kwaya, ndipo amayi a mpingo asavale zoyera.

Ndakhala ndikuwaweruza amalume zaka zambiri. Nthawi zina ndimati anali wouma mtima. Nthawi zina ndimakumbukira kuti ndiwo anagwira ng'ombe pagombe paja, akumva zonse zimene zinkachitika pangolo, osatha kuchitapo kanthu. Sanali munthu woipa. Ankaopa kukondera kuposa china chilichonse, ndipo lamulo analipeza lilipo kale. Koma ngakhale lero, pamene inenso ndimavala zoyera Lachinayi, sindinapezebe pamene Ambuye anati womwalira ali panjira yobwerera aikidwe ngati sanali wawo.

Munthu amene sanaperekezepo maliro opanda nyimbo sangadziwe kuti njira ya kumanda ndi yaitali bwanji. Zonse zinkamveka: mapazi akuzuka m'matope, kupuma kwa adzukulu onyamula bokosi, chifuwa cha munthu wina kumbuyo. Amayi a mpingo onse analipo, atavala zitenje wamba. Atsikana a kwaya ankayenda pamodzi, maso ali pansi.

Titafika pamene njira imalowa m'minda ya fodya, amayi anayamba kuimba okha. Inali nyimbo imene achemwali ankakonda kuyambitsa pamaliro a ena. Amayi sanali woimba, ndipo asanamalize mzere woyamba mawu awo anaduka. Kenaka kumbuyo kwathu ndinamva ngati njuchi. Amayi a mpingo anali ataitola nyimbo ija pamene inathera, koma milomo ili yotseka. Sanatchule liwu ngakhale limodzi. Atsikana a kwaya analowamo, kenaka mawu okhuthala a amuna, ndipo pakati pawo ndinazindikira a aphunzitsi anga. Anapita nayo chotero ndime zonse mpaka pachipata cha manda. Amalume ankayenda patsogolo, chipewa chili m'manja. Sanacheuke, ndipo sanaletse.

Pamene tinkalira, fodya ankapserera m'munda. Masamba apansi anachita chikasu, ena n'kuyamba kuwola. Patapita masiku atatu, m'mawa, tinangoona anthu m'mizere mwathu. Anali amayi a mpingo ndi a kwaya, osaitanidwa ndi munthu. Anathyola, anasoka, anapachika, n'kumapita osalandira ngakhale madzi akumwa. Anabweranso sabata yotsatira. Ena ankabwera ndi mkaka wa m'chitini wa mwana, ena sopo, ena matewera a ana awo amene anakula. Ine ndinkawada onse. Mayi wina atandipatsa chimanga chowotcha, ndinachiponyera nkhuku iye akuona.

Tsiku lina amayi akusambitsa khanda lija ndinaulula. Ndinati ndine ndinauza aphunzitsi, ndipo ndikanakhala chete achemwali akanawaimbira. Amayi anapitiriza kumuthira madzi pamsana. Anati, "Ndinkadziwa. Achemwali ako nawonso ankadziwa. Anandiuza kuti ndisadzakukalipire." Ndikuganiza kuti ankafuna kunditula katundu. Koma mawu amenewo ndi amene andilemera koposa moyo wanga wonse, chifukwa ndinazindikira kuti masana onse aja m'chigafa, pondiphunzitsa kuimba ndi kundimenya ndi tsamba, achemwali ankadziwa.

Pa Pasaka abusa anabwera. Ndinkayesa kuti amayi sadzapondanso kutchalitchi, koma anasita zoyera zawo, anabereka mwana, n'kundiuza kuti ndisambe. Abambo awiri a mowa aja anabwezeredwa tsiku limenelo, ndipo anthu anaimba mokondwa. Mgonero utayamba, amene anafika pamzere wa amayi ndi mbale ya mkate anali amalume. Anawapatsa mbale ija. Amayi anatenga, anadya. Ndinakwiya nawo kwambiri, ndinkaona ngati awagulitsa achemwali. Pobwerera ndinawafunsa kuti tapitiranji kwa anthu amene anatikaniza nyimbo. Anangoti, "Mkate uja si wawo."

Madzulo ake amalume anabwera kunyumba kudzaona mwana. Amayi anawayalira mphasa, anagwada chapatali monga mwa nthawi zonse, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, akulu a mpingo?" Amalume anakhala pang'ono, anamugwira mwana kaphazi, n'kutsanzika.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene amalume anamwalira, amayi sanawakanize kanthu. Ankawaphikira akabwera, ankawapatsa nkhuku pa Khirisimasi, anawadwazika m'matenda awo otsiriza. Koma sanawaitanenso kuti achimwene. Pakhomo, kumunda, pamaliro, ngakhale atangotsala awiri, anali akulu a mpingo basi. Ndinkaona amalume akugwetsa nkhope nthawi iliyonse akaitanidwa chotero, ndipo ndinkadabwa, chifukwa ine ndinkayesa kuti amayi akuwapatsa ulemu.