Chiphaliwali ndi Mano a Fabiyano

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mu Sitandade 4, pa sukulu ya mishoni kumapiri a Dedza. Inali nthawi ya Chitaganya. Masamu ankatiphunzitsa mzungu wa ku Canada, wa gulu la mabulaza, ndipo tonse tinkangoti Abulaza. Chinyanja ankachidziwa kuposa azungu anzawo, kungoti ankachitulutsira m'mphuno.

Pa khoma la kalasi, m'munsi mwa mtanda, anamata chithunzi chodula m'nyuzipepala. Panali mwamuna wa tsitsi lakuda, atawerama, ndodo yokhota m'manja, maso ali tong'o ngati waona wakupha bambo ake. Anali katswiri womwetsa zigoli pa hoke, masewera akwawo ochitira pa madzi oundana. Dzina lake linkatipinda lilime, ndiye tinamutcha Chiphaliwali.

Chisanu choyera pa udzu m'mwezi wa Juni tinkachidziwa, chinkatiluma m'ming'alu ya kumapazi. Koma Abulaza ankati kwawo mtsinje wonse umauma gwa, ngolo n'kuwoloka. Tinkangoyang'anana. Munthu wa Mulungu sanama, choncho tinkakhulupirira theka.

Nyuzipepala zakwawo zinkafika patapita miyezi, zitayenda pa sitima ya pamadzi. Lachisanu masana ankatseka buku la masamu n'kutimasulira nkhani za munthu uja. Ankati amuna awiri ankatha kumukangamira kumsana, iye n'kuwakoka onse mpaka pagolo. Masiku amenewo ankasewera mitu ili pamtunda, opanda chipewa cholimba. Munthu akang'ambika pankhope ankamusoka pomwepo n'kubwerera m'bwalo. Nkhani imene inandilowa m'mafupa inali ya tsiku lina pamene mdani anamutema ndi ndodo pamutu. Iye anatembenuka, magazi ali chuchuchu, n'kumukuntha, n'kukunthanso woleretsa. Akuluakulu a masewera atamuimitsa, mzinda wonse unatuluka m'misewu kumuikira kumbuyo.

Ife tinadula nthambi za gwafa zopindika kumunsi. Mpira wathu unali dzaye louma. Tinkasewera pa bwalo la fumbi kuseri kwa tchalitchi, opanda nsapato, ndipo womwetsa ndinali ine. Sindikudzitama. Amene analipo, ngati alipo wotsala, akhoza kuvomereza. Tsiku lina nditamwetsa zinayi, Abulaza anaponya chipewa m'mwamba n'kundiitana ndi dzina la katswiri wawo uja. Dzinalo linandikhala. Ndinayamba kuyenda ngati iye, kuyang'ana anthu ngati iye, ngakhale ndinali nditangomuona pa pepala.

Panali mnyamata wina dzina lake Fabiyano, mwana wa a Chimphamba, akatekisiti apamishonipo. Anali wamfupi, wofatsa, wotchinga kumbuyo. Loweruka lina ndikuthamangira kugolo, anandikola mwendo ndi ndodo yake. Kaya linali dala kaya ayi, mpaka lero sindidziwa. Ndinagwa chafufumimba, fumbi kudzaza m'kamwa, ndipo atsikana amene ankadutsa ndi mitolo ya nkhuni anaseka. Ndinadzuka n'kumumenya ndi ndodo pakamwa. Mano awiri akutsogolo anachoka. Sanalire msanga. Anawerama n'kuyamba kuwafufuza m'fumbi.

Ahedi anagamula mwachidule. Lolemba ndipite ndi bambo anga kwa a Chimphamba, ndikagwade, ndikapepese pamaso pa anthu. Ndikakana, sukulu yatha.

Abulaza anandiitanira m'kalasi tili awiri. Anandiuza kuti ndikapepese. Ndinayankha kuti Chiphaliwali sanagwadire munthu. Anasisita pamphumi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi munthu wokalamba.

"Chaka chimene anamuimitsa chija anzake anataya chikho chifukwa iye kunalibe," anatero. "Zimenezonso ndinakuwerengerani. Iwe sunamve."

Zoona, sindinamve. Ngakhale tsiku limenelo sindinamve.

Bambo anga ananyamuka kumudzi mbandakucha, tambala ali m'khwapa. Anali munthu woti anagwirapo m'migodi ku Joni, wosakonda kupempha kanthu kwa munthu. Pa ana awo asanu ndi awiri, amene anafika Sitandade 4 ndinali ine ndekha, ndipo ankauza anzawo kuti m'nyumba mwawo mutuluka kalaliki. Tikuyandikira nyumba ya akatekisiti anangonena kuti ine ndikagwade basi, mawu akalankhula okha.

Tinapeza a Chimphamba ali pampando pakhonde, akazi awo pamphasa, Fabiyano pambali milomo itatupa. Ahedi analipo, ndi anthu ena ongobwera kudzaonerera. Bambo anavula chipewa, n'kugwada pa dothi, n'kuika tambala patsogolo. Ine ndinaima, manja nditapinda pachifuwa. Anandikoka kabudula kamodzi. Ndinayang'ana kuphiri. Analankhula mawu onse opepesa ali chogwada, munthu wa imvi, ine ndili chiimire pambali pawo ngati mtengo.

A Chimphamba sanali munthu wankhanza. Anadikira ndithu, mpaka tambala anayamba kuphupha. Kenaka anati, "Nkhukuyi talandira chifukwa cha inu, bambo. Mwanayu tamuona."

Madzulo omwewo ndinakulunga bulangeti langa kumene tinkagona ana asukulu. Tinauyamba ulendo wakumudzi. Titawoloka mtsinje womaliza, bambo anaima, osandiyang'ana.

"Mzungu wako wa pachithunzi uja anali ndi mzinda wonse kumbuyo kwake," anatero. "Iwe unali ndi ine ndi tambala."

Sanaitchulenso nkhaniyi mpaka imfa yawo. Sukulu yanga inathera pomwepo. Ndinagwira m'minda ya fodya, kenaka ndinaphunzira ukalipentala, ndipo ndi ntchito imeneyo ndinaphunzitsa ana anga onse. Sindinabe, sindinapemphe. Fabiyano anadzakhala mphunzitsi. Ndinamuonapo kawiri pa boma, akuseka ndi anthu, mpata wa mano uja uli poyera. Kawiri konseko ndinadzera njira ina.

Lero ndikukhala kutsidya kwa nyanja, ku Braunstone, mu Leicester, kwa mwana wanga wamkazi amene ndi nesi. Mkamwini wanga ndinamuuzapo za Abulaza ndi zigoli zanga, koma za mano sindinamuuze. M'nyengo yozizira yapitayi anabwera kuchokera kuntchito n'kunena kuti wabukitsa matikiti, tipite ku Nottingham ndikaone hoke yeniyeni. Sindinkafuna, koma mkamwini akawononga mafuta a galimoto sumukana.

Madzi oundana ndinawaona. Abulaza sananame. Koma phokoso linali lalikulu, kuzizira kunkalowa m'mawondo, ndipo osewera onse anali m'zipewa zolimba, nkhope zosaoneka bwino. Sindinathe kusiyanitsa katswiri ndi wamba. Mkati mwa masewera, osewera awiri anataya ndodo n'kuyamba kuswana zibakera. Oyimbira anawasiya kaye, kenaka anawaperekeza aliyense m'kachipinda kake ka magalasi. Ndinafunsa mkamwini ngati awathamangitsa.

"Ayi adadi, faivi minitsi basi. Abweranso."

Ndinamuyang'anitsitsa mmodzi wa iwo. Anakhala pabenchi, anamwa madzi, anapukuta magazi pamphuno. Nthawi itakwana chitseko chinatseguka, anthu n'kumuombera m'manja.

Pobwerera mkamwini anafunsa ngati ndasangalala. Ndinati eya. Ndinali nditatopa.

Ndikudziwa tsopano kuti ukali wa munthu wotchuka umakoma pouonera patali, chifukwa ali ndi malamulo omusunga ndi khamu lomunyamula. Mwana wa mlimi akaubwereka, amaulipira yekha pamodzi ndi amene anamubala. Kwa Abulaza ndinatola nkhani imene inandikomera, yotsalayo n'kuisiya. Kugwada kumene ankandipempha sikukanatha ngakhale mphindi zisanu. Bambo anapita kalekale, Fabiyano ndinamva kuti anamwalira zaka zapitazo, ndipo mawondo angawa masiku ano sapinda ngakhale nditafuna.