Zikumbu Ziwiri pa Chinkhoswe Changa

Ndili pa chinkhoswe changa, koma chikuchitikira m'kalasi. Patebulo pali zikumbu ziwiri. Chobiriwira, chonyezimira ngati botolo, abwera nacho apongozi kuchokera ku India. Chofiira cha madontho achikasu achitola bambo anga m'munda mwathu mwa thonje, timiyendo tidakali ndi dothi.

"Mwana wanga, chokongola n'chiti?" akufunsa apongozi.

Ndikuloza cha ku India. Anthu akuwomba m'manja.

Bambo akuvula chipewa, n'kuikamo chofiiracho mosamala. "Pepani, tabweretsa chomwe tinali nacho," akutero, ndipo akutuluka opanda nsapato. Ndikufuna kuwaitana, koma m'kamwa mwanga mwadzaza mchenga.

Ndadzuka ndi manyazi. Bambo atandilonjera pakhonde, ndawayankha nditazolika.