Womasulira Mawu a Phwiti

Achemwali anga anabadwa ndi pakamwa. Tili ana, mlendo akandifunsa dzina, ine ndisanameze n'komwe malovu iwo anali atayankha kale, n'kuwonjezanso kalasi yomwe ndinali ndi matenda omwe ndinadwala. Nditamva kuti apeza ntchito yomasulira kukhothi ndinangoti eee, Mulungu amadziwa kugawa. Ankaima pakati pa woweruza ndi munthu wonjenjemera m'bokosi la oimbidwa mlandu. Munthuyo akang'ung'udza zosamveka, iwo ankawongola khosi n'kunena kuti, "Akuti tsiku limenelo sanali pamalopo." Liwu loti "akuti" linawakakamira mpaka anzawo a kuntchito anawapatsa dzina, Mayi Akuti. Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Ankanyadira kuti munthu akangotsegula pakamwa, iwo adziwa kale komwe akulowera.

Ndiye Mulungu yemweyo anawapatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, wachibwibwi. Bambo ake, alamu anga owotcherera zitsulo, amamutcha Phwiti chifukwa cha kuchepa thupi. Phwiti akafuna kunena "madzi", milomo inkamatirira pa "ma", maso n'kutsinzina, kaphazi kakumenya pansi, mpaka liwulo lituluke. Koma ankalankhula, ndipo nkhani anali nazo zambiri. Ukamudikira ankakuseketsa mpaka nthiti kuwawa.

Kusukulu ya boma odikira anali ochepa. Mphunzitsi wake ankaimiritsa ana mmodzimmodzi kuti awerenge mokweza. Ikafika nthawi ya Phwiti, anyamata akumbuyo ankamenya madesiki motsatira chibwibwi chake, du, du, du. Tsiku lina anakanirira pa liwu limodzi, mphunzitsi osamulola kukhala pansi, mpaka mwana anadzikodzera ali chiimire. Anafika pakhomo atamanga juzi m'chiuno. M'mawa mwake achemwali anakalowa mu ofesi ya ahedi, ndipo ndikhulupirira makoma a ofesi ija sanaiwale. Potuluka anali atagwira mwana dzanja ili, chikwama chake dzanja ilo. Mwezi womwewo anasiya ntchito kuti aziphunzitsa okha mwana wawo kunyumba. Ine ndinawaombera m'manja.

Chipinda chodyera chinasanduka kalasi. Tebulo analikankhira pawindo, pakhoma anapachika bolodi ndi mapu a dziko lonse, alamu n'kuwotcherera shelefu ndi kampando kachitsulo ka msinkhu wa Phwiti. Pobwera kuntchito alamu ankagogoda pachitseko cha nyumba yawo yomwe n'kupereka moni katatu kwa mkazi mmodzi: "Moni ahedi, moni aphunzitsi, moni amesenjala." Miyezi yoyamba zinthu zinayenda. Phwiti analeka kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse, masaya anabwerera, masamu ankangowamwa ngati madzi.

Vuto linalowa mwakachetechete, ndipo linalowera pa chikondi. Achemwali sankatha kuona mwana wawo akulimbana ndi liwu. Nkhope ya Phwiti ikangoyamba kukwinyika, iwo mtima unkawathawa n'kumuponyera liwulo.

"Ma-ma-ma..."

"Madzi? Khala pomwepo ndikutungire."

"Pe-pe..."

"Pensulo yathyoka? Nayi ina."

Tsoka lake n'loti ankalondola. Akanamaphonya, bwenzi mwana akuwakonza. Kuwerenga mokweza anakuthetsa, ati ndi komwe kunamupweteka. Mafunso onse Phwiti ankayankha polemba. Mlendo akamupatsa moni, yankho linkachokera kukhitchini: "Akuti ali bwino." Kusitolo chimodzimodzi, kuchipatala chimodzimodzi. Alamu nawo, pobwera makutu akulira ndi phokoso la zitsulo, anazolowera njira yachidule. Mwana ali pomwepo patsogolo pawo, iwo ankatembenukira kwa akazi awo: "Akuti chiyani mwanayu?"

Pofika pakati pa chaka, Phwiti ukamufunsa kanthu sankayesanso. Ankangoyang'ana pakamwa pa mayi ake, kudikira kuti amve zomwe iye mwini akuganiza. Ukadutsa pawindo nthawi ya phunziro unkamva liwu limodzi lokha, likufunsa n'kudziyankha.

Ndinayesa kulowererapo. "Achemwali, musiyeni amalize yekha."

"Iwe unabalapo?" anatero. "Ukudziwa mmene zimawawira?"

Ine mwana ndilibe, ndipo iwo amadziwa mmene nkhani imeneyo imandibayira. Ndinanyamula chikwama changa n'kumapita, ndipo kwa nthawi ndithu sindinapondeko.

Ine ntchito yanga n'kuluka tsitsi. Chakumapeto kwa chaka achemwali anandisiyira Phwiti kusaluni kuti ndimuluke, iwo akukagula mabuku a chaka chamawa. Amene sanalukepo sadziwa izi: woluka amakhala kumbuyo, wolukidwa pakati pa mawondo ake, nkhope sizionana, ndipo palibe wothamangira kwina. Azimayi amandiululira pamenepo zomwe sanauzepo ngakhale amuna awo. Tsikulo kunalibe makasitomala. Ndinagawa tsitsi ndi chipeso n'kuyamba, osamufunsa kalikonse.

Ndili pa mzere wachitatu kapena wachinayi ndinamva kaliwu kosasa, ngati chitseko chomwe chakhalitsa osatsegulidwa.

"A-a-anti."

Ndinangoti "Mhm," manja osaima.

Zomwe ananena zinatenga theka la mutu. Kaphazi kankamenya pansi, khosi linkalimba pansi pa zala zanga, ine n'kudziluma lilime. Anati akufuna kubwerera kusukulu. Anati kunali kamtsikana kena komwe ankakhala nako desiki imodzi, kamene kankamudikira kakujambula maluwa padzanja lake mpaka iye amalize. Kenako anati, "A-a-ankandiseka. Ko-ko-koma kumeneko ndinka-ka-kamaliza."

Mayo ine! Misozi yanga inagwera pamutu pa mwana, ndipo ndinanamizira mafuta a tsitsi.

Lamlungu masana ndinapita kwawo. Ndinawapeza m'kalasi muja, achemwali akukutira mabuku atsopano ndi mapepala, alamu akuwagwirira selotepu. Ndinanena zonse monga ndinazimvera.

Achemwali anaimirira. "Abwerere kumene anamukodzetsa kuja? Wapenga eti?"

"Masukulu alipo ambiri," ndinatero. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwanayu akuiwala kulankhula, achemwali, inu simukuona?"

"Ndinasiya ntchito chifukwa cha mwana ameneyu. Ndimamudziwa kuposa mmene amadzidziwira. Wamupakira mawu m'kamwa ndiwe."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Alamu, amene nthawi zambiri mkangano ukabuka amakapeza chochita panja, ulendo uno anaika selotepu pansi. "Mwini wake alipo. Timufunse. Koma mayi a Phwiti, inu musatsegule pakamwa."

"Sinditsegula," anatero achemwali. Anakhala pansi n'kutseka pakamwa ndi dzanja.

Tinamuitana Phwiti. Anakhala pa kampando kake kachitsulo, mawondo atagundana. Bambo ake anagwada kuti alingane naye. "Mwanawe, chaka chamawa ukufuna kukaphunzira kusukulu, kapena kuno kunyumba? Nena wekha. Sitithamangira kulikonse."

Phwiti anakoka mpweya. "Ndi-ndi-ndi..." Maso anatsinzina. Kaphazi kanayamba kumenya mwendo wa mpando. "Ndi-ndiku-ku-ku..." Mitsempha ya m'khosi inatuluka, thukuta linaoneka pamphuno. Alamu anazyolika. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti limba mwana, watsala pang'ono. Ndinayang'ana achemwali: misozi inkayenderera pamwamba pa zala zomwe anatseka nazo pakamwa. Anayesetsa, ndikuchitira umboni. Sindinawaonepo atakhala chete nthawi yaitali chotero.

"Ku-ku-ku-fu..."

Dzanja linagwa.

"Akuti akufuna kukhala kuno ndi ine. Si choncho, mwana wanga?"

Phwiti anatsegula maso. Anayang'ana nkhope yonyowa ya mayi ake, anandiyang'ana ine pang'ono chabe, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

"Mwaona?" anatero achemwali, akumukumbatira, akulira. Alamu anadzuka, anasasa mawondo, n'kutuluka panja.

Achemwali anga ndimawakonda, ndipo ndawakwiyira moti nthawi zina chakudya chimandikanika. Si mayi woipa. Amadzuka m'mamawa kukonza maphunziro, ndipo mwana wawo amalemba bwino kuposa ine. Chaka chachiwiri chayamba, mabuku atsopano aja ali pashelefu.

Sabata yatha anandisiyiranso Phwiti kusaluni. Ndinabweza kasitomala, ndinazimitsa wailesi, ndinamukhazika pakati pa mawondo anga. Ndinaluka timizere ting'onoting'ono, pang'onopang'ono dala, mpaka zala zinachita dzanzi. Ndinamaliza mutu wonse. Sananene kanthu.