Khadi la Madala

Mpikisano uja anauyambitsa ndi anyamata a ku Nepal ndi ku Kenya amene tinkagwira nawo ntchito ya ulonda ku West Bay, mumzinda wa Doha. Munthu ukakhala ndi tsiku limodzi lopuma ulibe kopita, umapeza chochita ngakhale chopanda mutu. Iwo anapeza chothamangitsana pa sitima za mumzinda. Lamulo lake linali lakuti uyambire pa siteshoni ya Al Mansoura, pafupi ndi kumene tinkagona, ukafike kumathero onse a njanji zitatu za mumzindawo, ubwerere pomwe unayambira. Kumathero kulikonse utsike, uthamangire kugeti, ugunditse khadi lolipirira sitima potuluka, ugunditsenso polowa. Khadilo limasunga nthawi, ndipo mndandanda wake umaoneka pafoni ya mwini wake. Tinkati pakamwa pakhoza kunama koma khadi silinama.

Ine ndinkauona ngati uchitsiru. Tsiku lopuma ndi logona, lochapa ndi loimba foni kumudzi.

M'chipinda chathu tinalimo asanu ndi mmodzi, Amalawi awiri okha: ine ndi bambo ena a ku Ntcheu amene aliyense ankangowatcha madala. Iwo ankagona bedi lapansi, ine lapamwamba. Asanabwere kuno analondera sitolo ku Limbe zaka zambiri, ndipo ankakonda kunena kuti ulonda wa kwathu uli ndi ulemu chifukwa mlonda ali ndi mpando wake. Kuno ndi maola khumi ndi awiri uli chilili pakhomo la nyumba ya magalasi, kumwetulira anthu amene sakukuona n'komwe. Madala anali ndi shuga koma ankabisa. Akaweruka ndinkawasuzumira kuchokera pamwamba paja akulimbana ndi nsapato kuti ivuke, phazi litatupa ngati dzungu.

Tsiku lina kamera inawaona atakhala pamphepete pa chiphika cha maluwa. Supavaiza wathu, amene tinkamutcha mudir, anawaitanira ku ofesi. Anabwerako nkhope itagwa.

"Akuti ma-contract akamapanga renew mwezi wamawa, yanga ayi," anandiuza. "Akuti khalas, zatha, ndakalamba, ndikakhale pansi kwathu."

Mwana wawo wamkazi anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sukulu ya unamwino. Madala sankafuna zambiri ku Doha kuno. Ankafuna chaka chimodzi chimenecho.

Patapita masiku awiri anagogoda matabwa a bedi langa.

"Mphwanga, Lachiwiri tonse tili off. Undiperekeze, ndikufuna kupanga race ija."

Ndinaseka mpaka bedi kugwedezeka. "Madala, mwendo wake uti? Inu nomwe mumapumira panjira popita ku bafa?"

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero osaseka. "Mudir amaikonda nkhani ya race, amawafunsa anyamata ma-time awo. Ndikamuonetsa record yanga, adzanenanso kuti ndakalamba?"

Lachiwiri m'mawa tinagunditsa makhadi athu pa Al Mansoura. Madala anavala nsapato zofewa zimene anabwereka kwa mnzathu wa ku Uganda, ndipo ankaoneka ngati munthu wopita kutchalitchi. Ku Msheireb, kumene njanji zimakumana, anayenda mwachangu ndithu mpaka ndinadabwa. Titafika ku Ras Bu Abboud, mathero athu oyamba, anakwera masitepe atagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Pomwe tinkagunditsa makhadi n'kubwerera, sitima ija inali itapita. Tinadikira ina. Ankangopuma ngati mvukuto.

Tinasintha sitima kuti tilowere ku Al Wakra. Tisanapite patali, pa Al Doha Al Jadeeda, anandigwira malaya.

"Titsike."

Tinatsika. Anakhala pa benchi n'kutambasula mwendo, thukuta lili kamukamu m'malo ozizira ngati amenewo. Panali patatsala mathero asanu, ena akutali kwambiri. Anayang'ana mapu a njanji pakhoma nthawi yaitali, kenako anati, "Basi mphwanga. Mudir akunena zoona."

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindifuna wina asenze mlanduwu. Maganizo anali anga. Ndinatenga khadi lawo n'kuliika pafupi ndi langa. Anali ofanana ndendende, opanda dzina, opanda chithunzi.

"Madala, khadi silidziwa mwendo umene walinyamula. Ndipatseni. Inu mukhale, ine ndithamange."

"Kumeneko n'kuba," anatero.

"Tikubera ndani? Mwaimirira zaka zingati pakhomo paja? Yalla, tiyeni, time ikupita."

Sakanatha kundidikira m'kati, chifukwa khadi limakupatsa ola limodzi ndi theka pa ulendo umodzi. Choncho tinatuluka tonse pageti. Ndinawasiya atakhala, botolo la madzi lili m'manja, ndipo ndinalowanso ndi khadi lawo. Sanandiuze kuti pita, komanso sanandiletse.

Ndinathamanga ngati wamisala. Al Wakra, kubwalo la ndege, kenako ulendo wautali wa ku Lusail. Ndinkaima pakhomo penipeni pa sitima kuti likangotseguka ndikhale woyamba kutuluka, masitepe ndinkadumpha awiriawiri. Mayi wina anakokera mwana wake pambali pondiona, ndipo mlonda mnzanga wa pa siteshoni ina anandikodola kuti ndichepetse liwiro. Ndinene zoona, ndinakondwa. Kuyambira pamene ndinafika m'dziko lino thupi langa linali la kuimirira basi, ndipo tsiku limenelo linakumbuka kuti linkasewera mpira ku Mchinji. Ku Al Aziziyah ndinali nditaiwala kuti ndikuthamangira munthu wina. Ndinkangofuna kuposa anyamata a ku Kenya aja. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanaphonya dala sitima ziwiri kapena zitatu kuti nthawiyo ifanane ndi ya munthu wamkulu. Sindinatero.

Nditagunditsa komaliza pa Al Mansoura ndinabwerera kukawatenga. Anali pomwe ndinawasiya, akuyang'ana foni, mndandanda wonse uli pamenepo. Ngakhale ndi kuchedwa kwa m'mawa kuja, panali mnyamata mmodzi yekha amene anali ndi nthawi yoposa imeneyo.

"Wathamanga kwambiri, mphwanga," anatero. Ndinaganiza kuti akundiyamikira.

Mudir anakhulupirira. Anaitenga foni ija n'kuizungulitsa pamzere wa m'mawa kuti aliyense aone. Kontirakiti ya madala inawonjezedwa chaka, ndipo madzulo ake madalawo anandigulira tiyi wa mkaka ndi chapati pa kalesitilanti ka pangodya, ataimbira mwana wawo kuti asade nkhawa. Sabata yotsatira mudir ananena kuti munthu wa miyendo yotere n'kumuwononga kumuimika pakhomo. Anawachotsa pakhomo pozizira paja n'kuwapatsa patirolo: kuzungulira malo oimika magalimoto pansi pa nyumba, kumene mpweya sulowa, ndi kukwera masitepe a nsanjika zonse, ola lililonse. Inali nthawi imene kutentha kumayamba.

Ndinawapempha kuti tikaulule.

"Ndiye tonse awiri tikapange pack, atibweze kwathu?" anandifunsa. "Iwe uli ndi ana ang'onoang'ono. Walira mvula walira matope. Ndiyenda, inshallah."

Ndinavomera msanga, ndipo kuvomera msanga kumeneko kumandipweteka mpaka lero. Ndinkaopa ntchito yanga.

Nsapato ya yunifolomu inawatupitsa thuza kuchala chachikulu. Thuza linaphulika n'kukhala bala. Ankalimanga ndi nsalu m'mawa n'kuvala masokosi awiri, ndipo m'chipinda munayamba kumveka fungo limene tonse tinkanamizira kuti sitikulimva. Sabata yachisanu ndi chiwiri munthu wokolopa anawapeza atagwa pamasitepe. Kuchipatala anayamba ndi zala, kenako anadula pansi pa bondo. Nditapita kukawaona sanatchule za khadi. Anangondipempha kuti ndikabweze nsapato za mnzathu wa ku Uganda zija, zinali zidakali pansi pa bedi.

Anabwerera ku Ntcheu pa njinga ya olumala. Mwana uja anaimika sukulu, ndi amene amawatsuka bala. Madala amanditumizira uthenga nthawi zina, kufunsa ngati ndikudya bwino, ndipo ine ndimatenga masiku ndisanayankhe.

Ndidakali pakhomo lomwe lija. Alonda atsopano akabwera, mudir amawaimika pamzere n'kuwauza za bambo wa ku Malawi, wa imvi, amene anazungulira njanji zonse kuposa anyamata. Za mwendo satchula. Amawauza kuti ngati munthu wamkulu ngati ameneyo anakwanitsa, sakufuna kumva wina akudandaula za miyendo kapena kupempha mpando. Akamaliza amatembenukira kwa ine.

"Malawi, true or not?"

Anyamata onse amandiyang'ana, ena a iwo nsapato zikuwathina kale.

"True, sir," ndimayankha.