Magazi Amene Sindinapereke

Ine si munthu wokometsera nkhani, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti ngakhale pamaliro ndimangopepesa n'kukhala pansi. Koma izi zinandichitikira ndithu, kuno ku London, zaka zija mafoni athu anali a mabatani. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwa mwina mumapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Thamesmead, ine, mkazi wanga ndi ana athu awiri, ndipo ndinkagwira ntchito yaulonda m'sitolo ina ku Woolwich. Tsiku lina masana, nditaima pakhomo la sitolo, foni inalira. Anali anamwino a kukiliniki ya m'dera lathu, kumene kuno timangoti kwa GP. Ndifotokozeko pang'ono za mayi amenewa, pakuti kwathu tikamva kuti namwino timangoganiza za wobaya jakisoni ndi womanga mabala. Awa anali ndi maphunziro owonjezera komanso chipinda chawochawo, ankayeza wodwala okha, kuitanitsa zoyeza magazi, kulemba mankhwala, ndi kutumiza munthu kuchipatala chachikulu zikavuta, monga amachitira kiliniko ofesa kwathu. Banja lathu lonse linkadutsa m'manja mwawo. Katemera wa ana, mphumu ya mwana wamkulu, kuthamanga magazi kwanga, zonsezi ankaona ndi iwo, moti dokotala weniweni ine nkhope yake sindinkaidziwa.

Tsikulo sanapereke moni wautali monga ankachitira. Anandifunsa kuti ndili kuti, ndaimirira kapena ndagona, ndipo kodi pali munthu pafupi nane. Kenako anati a kulabu yoyeza magazi angowaimbira kumene kuti magazi amene ndinapereka dzulo lake apezeka ndi malungo, mtundu woopsa uja wothamangira kumutu, ndipo tizilombo tachuluka kwambiri. Anati ndisakwere basi, atumiza ambulansi pamene ndinalipo.

Ndinawayankha kuti ine magazi sindinapereke.

Ndinamva akudina mabatani a kompyuta. Kenako anawerenga dzina langa lonse, tsiku langa lobadwa ndi nambala ya fulati yathu, zonse zolondola, n'kunena kuti palembedwa kuti dzulo m'mawa ndinabwera ndikunjenjemera, ndinaonana ndi dokotala wina wongogwirizira, ndipo iye anati n'chimfine koma anatengako magazi kuti atsimikize.

Dzulo lakelo ine ndinali pantchito kuyambira m'mawa. Nanga amene anakakhala pampando wa dokotala, n'kuvomera dzina langa, n'kutambasula mkono, anali ndani? Kwathu amati munthu akaoneka malo awiri nthawi imodzi ndiye kuti anamutenga kale, chimene chikuyendacho n'chithunzithunzi chabe. Ndine mkhristu, zimenezo ndinazisiya kalekale, komabe ndinadzigwira pachipumi, ndipo ndinamva ngati pakutentha.

Anamwino anati popeza ndikulankhula bwinobwino, ndikwere takisi ndifike kwa iwo msanga. Nditafika sanandiimike pamzere. Anandiyeza kutentha kwa thupi, anandisuzumira m'maso, anandisindikiza pansi pa nthiti, n'kundifunsa kuti kwathu ndinapita liti komaliza. Ndinati papita zaka. Ndiye anandiuza kuti ndipinde malaya manja onse awiri, nayang'anitsitsa mkati mwa zigongono, pamene singano imalowa. Panalibe kachipsera ngakhale kamodzi. Anandibwezera okha manja a malayawo, pang'onopang'ono, n'kukhala moyang'anizana nane.

"Bambo, magazi awa si anu," anatero. "Koma ndi a munthu, ndipo munthuyo ali kunja uku akuganiza kuti ali ndi chimfine. Ndi ndani?"

Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinkanama. Koma mawu asanathe m'kamwa ndinakumbukira mlamu wanga, mlongo wa m'mimba imodzi ndi mkazi wanga, mnyamata wamkulu kale amene anabwera kuchokera ku Chipata mwezi wapitawo pa viza ya alendo, alibe maganizo obwerera. Anakhala nafe pang'ono, kenako anasamukira kwa anzake otsuka magalimoto. Lamulungu lapitalo tinamuona kutchalitchi atavala majekete awiri, mano akugundana, ife n'kumamuseka kuti mphepo ya ku London yamulandira.

Ndinaimbira mkazi wanga ndili m'chipinda momwemo. Anayamba kulira n'kuulula. Anthu akutchalitchi anamuuza kuti mlendo akangolembetsa kukiliniki, kompyuta imadziwitsa a imigireshoni ku Croydon tsiku lomwelo. Choncho anaphunzitsa mlongo wakeyo dzina langa, tsiku lobadwa ndi nambala ya fulati mpaka analoweza, namuuza kuti apite m'mawa umene anamwino otidziwawa sakhalapo, ndipo akamufunsa za ulendo anene kuti sanachoke m'dziko muno kwa zaka zambiri. Nanga dokotala akanaganiza bwanji za malungo kwa munthu amene akuti udzudzu wa kwathu sanauone?

Choopsa chinachitika pamenepo. Ndisanamalize kufotokoza, mkazi wanga anadula foni n'kuimbira mlongo wake, ndipo ndi mantha akewo chimene anatha kunena n'chakuti akukiliniki adziwa, akumufunafuna. Mlamu anazimitsa foni, ndipo mkazi wanga anandiimbiranso kundiuza zimenezo.

Nditawauza anamwino, sanakalipe, koma nkhope yawo inandiopsa kuposa kukalipa. Anati ntchito yawo si kugwira anthu, ndipo matenda amenewa amachiza aliyense, wa mapepala ndi wopanda. Anati malungo a mtundu umenewu akafika pamenepa sadikira mawa. Anandiuza zoti ndikayang'ane: ngati akungosinza, ngati akusokoneza mawu, ngati mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndisakayese kumumwetsa phala kapena panado, ndiitane ambulansi ndipo mawu oyamba akhale akuti malungo. Ndikuona, anaimbira chipatala chachikulu kuti akonzekere wodwala amene sanapezeke, anandipatsa nambala yolowa m'chipinda chawo mwachindunji, n'kunena kuti sapita kunyumba mpaka atamva. Panja panali odwala ena akudikira, ndipo pamene ndinkatuluka anali akuitana kale wotsatira.

Kotsukira magalimoto kuja, anyamata atangondiona anamwazikana, mapaipi akutaya madzi pansi. Ndinadabwa, kenako ndinadziyang'ana: jekete lakuda laulonda, baji pachifuwa, nsapato zachisilikali. Ndinavula jeketelo n'kufuula m'chinenero chathu kuti ndine mlamu wake. Anabwerera mmodzimmodzi, koma aliyense ankati munthu ameneyo samudziwa, ena n'kumaseka kuti masiku ano a boma aphunziranso Chinyanja. Mungatani ndi anthu amene akubisa mnzawo mwachikondi kwa okhawo amene angamupulumutse? Ndinaimbira anamwino, ndipo anati ndipereke foni kwa wamkulu pagulupo. Anali bambo wina wa ku Lusaka, wa imvi. Zimene anauzidwa sindinazimve, ndinangoona akusiya kuseka, siponji ikugwa m'manja.

"Tiyeni, mudala," anatero. "Koma ngati mwatinamiza, Mulungu aona."

Ananditengera kumagalaja ali pansi pa mafulati ena a konkire, kumene ngakhale masana kumakhala mdima ndi fungo la chinyontho. Galaja ina inali ya munthu wotumiza katundu kwathu. Atakweza chitseko chachitsulo ndinaona mafiriji akale, matayala, ndi migolo yabuluu yomata, uliwonse utalembedwa kumene ukupita, Lusaka, Lilongwe, Harare. Mlamu anagona pansi pakati pa migoloyo, atakulungidwa m'bulangete mpaka m'khosi, mutu utatsamira mgolo wolembedwa kuti Chipata, ngati nayenso akudikira kutumizidwa.

Maso anali otsegula, achikasu. Ndinamugwira, thupi linali moto. Ndinamuitana kuti alamu, alamu, koma ankangoyang'ana kudutsa ine. Ndili pa foni ndi a ambulansi, anati ndimufunse dzina lake kuti tione ngati akuzindikira. Ndinagwada n'kumufunsa. Milomo inagwedera, ndipo ndi mawu otsika, osaphonya ngakhale pamodzi, anatchula dzina langa lonse, tsiku langa lobadwa, ndi nambala ya fulati yanga.

Zimenezo mpaka lero zimandibwerera. Kumva dzina lako likutuluka m'kamwa mwa munthu amene akufa, iwe utagwada pambali pake, si chinthu choti mungachifunire mnzanu.

Kuchipatala anamulandira ngati amamudziwa kale, chifukwa anamwino anali atapereka zonse, zotsatira za magazi ndi dzina lake lenileni. Impso zinali zitaima, ndipo anakhala pa makina nthawi ndithu. Anachira, koma khutu limodzi silimvanso bwino. Atatuluka, anamwino anatiitana tonse atatu. Anamulembetsa m'dzina lake, anachotsa matenda ake pa mbiri yanga, ndipo sanabise kanthu kwa akuluakulu a kilinikiyo, moti tinachenjezedwa mwamphamvu. Ku Croydon sikunapite mawu alionse. Anatiuzanso za mankhwala oteteza malungo amene munthu amamwa akamapita kwathu, amene ife tinkati ndi a azungu okha. Mlamu anadzabwerera ku Chipata mwa kufuna kwake.

Za munthu wooneka malo awiri sindikhulupirira. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti mlamu ali moyo chifukwa mayi mmodzi, amene ankadziwa banja lathu, sanakhutire kuti amene ali patsogolo pake ali bwino, anafunsa za amene sakumuona. Akadangoti kompyuta yalakwitsa, mwini galaja uja akanapeza mtembo pakati pa migolo yake.

Tsono abale anga muli kunja kuno, bwerekanani majekete, mapoto, ngakhale bedi, koma dzina lakuchipatala ayi. Ndipo mlendo wochokera kwathu akayamba kunjenjemera, musamuseke za mphepo monga tinachitira ife. Mupite naye, ndipo akakafunsidwa kuti ndi ndani ndi kumene wachokera, anene zake.