Akufunika Mbemba Wodziwa Kutukwana Pamaliro

Loweruka lapitali ndinali ku Mwase, kumaliro. Musayambe kundipepesa, womwalirayo sanali m'bale wanga. Ndinangoperekeza a Tembo, mdala woyandikana nane nyumba pano pa boma, chifukwa mawondo awo anadana ndi njinga kalekale ndipo panafunika munthu wowanyamulira katundu.

Katunduyo anali thumba la feteleza lomangidwa ndi mphira, ndi katoni yolemera ngati muli njerwa. Ine ndinkati ndi ufa wa chipepeso. Tili m'minibasi ndinapapasa thumba lija, ndipo dzanja langa linakumana ndi chinthu cha khosi lalitali.

"Adada, muli chiyani umu?"

Anatembenuza mutu kuti andipatse khutu lamanja, poti lamanzere linapuma pantchito kale. Ndinabwereza funso.

"Chipepeso," anatero, n'kuyang'ana pawindo.

Munali gitala yamagetsi. M'katonimo munali sipika ndi batire ya njinga yamoto. Ndinadziwiratu kuti kukubwera mavuto, chifukwa a Tembo ndimawadziwa, ndipo gitala yawo nkhuku zanga zimaidziwa.

Inu a pano pa Lundazi mumawaona ngati mdala wogulitsa nshawa, mtedza uja, pafupi ndi msika, amene ukamupatsa mpata amayamba kukunamiza za ku Kitwe. Pepani, si mabodza.

Anachoka kuno ali mnyamata, atawatumiza kwa amalume awo kumigodi kuti akalowe pansi ngati anzawo. Pansipo sanakhalitse. Kumudzi ankaliza kabanjo ka chigubu cha mafuta, ndiye tsiku lina akudutsa pa holo ya mgodi anamva gitala yamagetsi ikulira. Anaima pakhomo mpaka miyendo kuuma. Chisoti cha mumgodi anakabweza, amalume awo n'kuwathamangitsa pakhomo.

Nyimbo zawo zinali za roko, ndipo osati roko yofatsa yoti n'kumwera tiyi. Zinali zija gitala imalira ngati chigayo chatsamwa mwala, ng'oma zikuithamangitsa kumbuyo, woimba akukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Anali anyamata anayi, gulu lawo ankalitcha Mbaula. Tsitsi linali chitsamba, thalauza yotambalala kumapazi yoti mwana n'kubisalamo, nsapato za zidendene zotalika. A Tembo ankatchedwa Chiphaliwali. Ankaliza gitala ataiika kumbuyo kwa mutu, ankailiza ndi mano, ndipo tsiku lina sipika inagwira moto iwo osasiya. Mano awiri akutsogolo amene kulibe aja, musanamizire nzimbe.

Anazungulira Ndola, Chingola, Kabwe mpaka Lusaka. Anatulutsa chimbale chimodzi. Kenako dziko linatembenuka. Kuyenda usiku kunayamba kuletsedwa, madisiko anabwera ndi nyimbo za m'makina, mkuwa unagwa mtengo, ndipo matenda aja tinkaopa kuwatchula dzina anatenga woimba ndi mnyamata wa gitala ya besi. Anatsala awiri: a Tembo ndi woliza ng'oma, a Chanda, Mbemba wa ku Kasama.

A Tembo pobwerera kwawo, a Chanda anawatsatira, ati kudzangoona chabe. Anaona aNyaZimba a ku Mwase, n'kuwakwatira. Kuonako kunatha sabata yathayi, ndipo maliro amene tinkapitako anali a bambo Chanda omwewo.

Ndiye mumvetse. Pa dziko lonse lino, munthu amene akanaimirira n'kunena kuti "Chiphaliwali sanama, ine ndinalipo" anali mmodzi yekha, ndipo anali m'bokosi.

Mwambo unayenda bwino. Amayi a kutchalitchi anaimba mpaka tonse kumva kuti ndife ochimwa. Titafika kumanda inakwana nthawi ya mbiri ya malemu. Anaimirira Mwila, mwana wawo woyamba, mphunzitsi, mkulu wa mpingo, tayi ili pakhosi dzuwa likuswa mtengo. Anawerenga kumene bambo ake anabadwira ndi kumene anaphunzira, kenako anati:

"Atasiya sukulu anapita kumigodi, kumene anagwila nchito zosiyanasiyana. Pambuyo pake anabwela kuno ku Lundazi, anakwatila amayi athu, analandila Ambuye, ndipo anali mlimi wa fodya wakhama."

Ntchito zosiyanasiyana.

Khutu lamanja la a Tembo linazimva bwinobwino. Ndinaona nsagwada zawo zikutafuna popanda chakudya. Unyamata wonse wa anthu anayi, maholo odzaza, chimbale, sipika yoyaka, zonse zinali zitalowa m'mawu awiri.

Abale anga, anatiphunzitsa ndani mawu amenewa?

Maliro ndayenda ambiri, ndipo mbiri ndamva zambiri. Munthu akakhala kalaliki, timatchula ofesi iliyonse imene anakhalamo, ngakhale ija anamuchotsa njinga ya boma itasowa. Akakhala wapolisi timatchula maudindo onse mpaka anthu kuyamba kusinza. Koma akhale woimba, wovina, womenya mpira kapena wojambula, pepala limachita manyazi. Mayi amene anaphunzitsa ana ake onse ndi kachasu timati "ankachita malonda ang'onoang'ono," ana omwewo atakhala kutsogolo ndi masuti ogulidwa ndi maphunziro a kachasuyo.

Mtembo timausambitsa kawiri, poyamba ndi madzi, kenako ndi pepala. Pofika kumanda munthu wayera mbee, moti ngakhale mkazi wake sangamuzindikire.

Tikubisira ndani? Abale akudziwa. Mudzi ukudziwa. Mulungu? Mukuganiza kuti phokoso la Mbaula silinafike kumwamba, pamene linkafika ku polisi?

Ndipo chinyengo chathu n'chonenepa. Paukwati tikufuna oimba. Pamsonkhano wa ndale tikufuna oimba. Koma mwana wanu akangoti "Adada, nifuna kukhala woimba," mumaitana abusa kuti adzamuike manja. Mphwanga wa ku Lusaka anandionetsa pa foni azungu a tsitsi lalitali akudumphadumpha ndi nyimbo za anyamata a kumigodi a nthawi imene ija. Kunja akuzifukula, ife kuno tikuzikwirira ndi eni ake omwe. Akulu anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Sananene kuti ikang'ambika tiziuza ana kuti unali mtondo.

Tibwerere kumanda kuja.

Pa pulogalamu, mbiri ikatha amalankhula a mfumu, kenako abusa, kenako dothi. Mnzake wa malemu sakhalapo. Mwila anali atakonza zonse mwadongosolo, koma anaiwala chinthu chimodzi: bambo ake anali Mbemba, ndipo a Tembo ndi Mngoni.

Kwa inu amene simudziwa chimbuya, ndikuuzeni. Makolo a Angoni ndi a Abemba anamenyana nkhondo, atatopa anagwirizana kuti mikondo igone, azingotchulana ambuya n'kumatukwanana mpaka muyaya. Iwo amati ife a kum'mawa timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani. Pamaliro a Mbemba, Mngoni akhoza kunena chilichonse, kupaka anamfedwa ufa kumaso, ngakhale kukhala pa bokosi. Palibe womuletsa. Wokwiya ndiye amasekedwa.

A Tembo anadzuka, mawondo akulira. Anapisa dzanja m'thumba la jekete, anatulutsa ufa, n'kumupaka Mwila kuyambira pamphumi mpaka pa tayi.

"Khala pansi, mwana wa wakudya anyani. Wanama pamaso pa anthu."

Kenako anatembenukira kwa anthu n'kuloza bokosi.

"Nchito zosiyanasiyana? Uyu wagona umu nchito anali nayo imodzi, ndipo anali kuilephela. Anali kuliza ng'oma kumbuyo kwanga. Nyimbo tikaiyamba bwino-bwino, iye athamanga monga amupitikitsa agalu. Ku Ndola anathyola ndodo zonse, anatsiliza nyimbo na mthiko wa amayi ogulitsa thobwa la munkoyo. Ku Kabwe anagwa pa siteji na mpando wake, miyendo m'mwamba, koma manja sanaleke. Ni kawalala. Anaba malaya anga ofiila, anajambulitsa nao pa chimbale chathu, mpaka lelo sanabweze. Mufuna kumutumiza kumwamba monga mlimi wa fodya? Fodya wake anali woipa, tonse tidziwa. Ng'oma ndiye anali kuidziwa, chitsilu ichi."

Mayi wina wa yunifomu yoyera anayesa kugwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Kunatsatira wina, kenako amuna a makasu. Mwila ananong'oneza abusa. Abusa anangotambasula manja n'kuti, "Ni ambuya anu, ine nilibe mphamvu."

Apo a Tembo anandikodola. Inde, ine amene mukuwerenga ndemanga yangayi, bambo wa ulemu wanga, ndinagwada pakati pa manda a eni n'kumalumikiza mawaya ku batire. Ndinkapemphera kuti batire ikhale yakufa. Inali yamoyo.

Kulira koyamba kwa gitala, mbuzi zimene zinkadya m'mphepete mwa manda zinathawira m'munda wa mpendadzuwa. Gogo wina anaitana Yesu. Nsambo imodzi inali waya wa buleki ya njinga, zala za a Tembo zinali zotupa ndi kuswa nshawa, koma amama ine, nyimbo inatuluka. Inali yaukali, yonyansa, yokoma. Sindinamvepo chinthu chotere pamaliro, ndipo tsitsi linandiimirira.

Kenako anayamba kuchita chinthu chachilendo. Ankaliza pang'ono n'kuima. Kuliza, n'kuima. Poyamba ndinkati waya wamasuka, mpaka ndinazindikira kuti malo oimawo ndi amene ng'oma inkayankha. Anali kumusiyira mnzake mpata, ndipo mpatawo unali chete. Kuseka konse kunatha.

Ataima kachitatu, panamveka kugunda.

Anali aNyaZimba. Namfedwa, atakhala pansi kumutu kwa bokosi, chitenje chakuda kumutu, anali kumenya mbali ya bokosi la amuna awo ndi chikhatho. Osati kumenya kwa kulira ayi. Inali ng'oma yeniyeni, yolowa pamalo pake. A Tembo analiza, iwo anayankha. Analizanso, anayankhanso, mwamsangamsanga.

A Tembo anaimitsa gitala, misozi ikulowa m'mpata wa mano uja.

"Mulamu, na imwe muthamanga monga amuna anu."

"Ndiye mmene anali kuilizila pa tebulo zaka zonsezi," anatero aNyaZimba. "Imwe ndimwe muchedwa. Tsilizani."

Anatsiriza. Mwila anali ataima pomwepo, ufa uli mbuu kumaso, misozi itajambula misewu iwiri. Abusa atapatsidwa mpata anakhosomola kaye nthawi yaitali, n'kunena kuti Davide nayenso anali woimba. Zikomo abusa, mwakumbukira mochedwa.

Pobwerera, m'minibasi, ndinali wosangalala ngati ndaimba ndine.

"Adada, lelo mwawaonetsa."

Anangoyang'ana pawindo. Ndinaganiza kuti ndalankhulira kukhutu lolakwika, koma anali atamva. Tikuyandikira boma ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Mbemba wanga anali mmodzi, ndipo tamuika. Ine nikafa, ana anga azaimilila na tayi, azawelenga nchito zosiyanasiyana, onse azati ameni. Azanitukwana ndani?"

"Ine nilipo, adada."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Iwe ndiwe wa kum'mawa mnzanga. Ukatukwana pa malilo anga azakulipilitsa mbuzi."

Amanena zoona. Mwambo umene unawapatsa pakamwa Loweruka ndi womwewo umene udzanditseka ine pakamwa tsiku lawo likadzafika. Ndipo ana awo ndimawadziwa, ndi anthu abwino, a tayi.

Choncho sabata ino ndemanga yanga ndaisandutsa chilengezo. Akufunika Mbemba. Akhale wa pakamwa poipa, wosaopa abusa, wosachita manyazi ndi ufa. Ndikudziwa mulipo pano pa Lundazi, ena ndinu anamwino, ena aphunzitsi, ena mumagulitsa zovala za salaula, ndipo kutukwana simuchita kuphunzira.

Koma musadikire uthenga wa maliro. Bwerani pano pa msika mdala akadali moyo, mugule nshawa, mukhale kumbali ya khutu lamanja, ndipo mumufunse za sipika ija inayaka. Mumve zonse, kuti tsikulo mudzadziwe chotukwana.

Nanga inu mukusekanu, Mbemba wanu muli naye?